Hard drive yaying'ono ndingaipeze kuti? Nanga yakale ndiifufute bwanji osatsala kanthu?

Wotaipa_DZ

Moni nonse muno. Ndili ndi mafunso awiri koma akuyendera limodzi, ndiye mundipirire ndilemba zambiri.

Ine ndili ndi kashopu pa Dedza boma pompano, kotaipa makalata, kuprinta, fotokope ndi tizithunzi ta pachiphaso tija. Kompyuta yomwe ndimagwiritsa ntchito ndi gogo weniweni, Dell yogona ija, Windows XP, ndinaigula ya kaunjika kalekale. Musandiseke, chomwe sindinaitayire ndi printa ndi sikana, madiraiva ake, timapulogalamu toziyendetsa tija, amangolola XP basi, ndinayesapo pa laputopu ya alamu anga ya Windows 10 zinakana. Ndiye kuyambira sabata yathayi hadi (hard drive) yake, mosungira mafayilo muja, yayamba kulira kuti tcha, tcha, tcha ngati wotchi yapakhoma, makamaka m'mawa kukazizira kuno mukukudziwa, imatha mphindi 10 isanayake ine ndili chilili kasitomala akundiyang'ana. Ndi ya 80GB, yolumikiza ndi lamba wotambalala uja wotuwa, osati kachingwe kowonda kaja.

Loweruka ndinakwera minibasi wa ku Lilongwe, ndazungulira mashopu a ku Area 2 mpaka miyendo kuwawa, paliponse akuti 1TB, pena 500GB, ndipo zonse ndi za kachingwe kowonda. Mnyamata wina anachita kundiseka kuti madala 80GB masiku ano ndi memory card ya mufoni. Koma ine 1TB ndikatani nayo? Mafayilo anga onse a zaka zonsezi sakwana ndi 30GB yomwe, nanga si ambiri ndi a Word. Alipo akudziwa komwe ndingapeze ya 80 kapena 160?

Lachiwiri ndi ili. Mukatoni pansi pa kauntala muli ma hadi ena awiri akale, ndiye pali mnyamata wokonza mafoni kumsika kuno akufuna ndimugulitse, pamodzi ndi yolirayi ndikaichotsa. Ndalama ndikuifuna sindikana, koma mtima ukukana. Mmenemo muli ma CV a anthu, ma scan a ziphaso za unzika, masatifiketi a MSCE, makalata a milandu ya malo, ena a kukhoti a nkhani za mabanja, mabuku a banki mkhonde olemba amene ali ndi ngongole. Dedza ndi kamudzi, tonse timadziwana. Ndikangofomata zikwana?

Kabaza_Lizulu

Akulu musavutike, hamala basi. Kapena kaponyeni m'chimbudzi chokumba, tione amene akalowemo kufuna CV ya munthu kkkkk

Fundi_wa_Makompyuta

Achimwene, choyamba tisanapite kutali: hadi ikayamba kulira choncho ndiye kuti ikutsanzika. Lero lomwe, osati mawa, tengani fulashi mukopere zonse zofunika, muyambe ndi zomwe simungazipezenso kwina. Madiraiva a printa ndi sikana aja ngati CD yake inasowa muwasakenso pa intaneti muwasunge pa fulashi yomweyo. Ndaonapo anthu ambiri akuti "ndikopa weekend" kenako Lachinayi kompyuta yangoti ziii.

Tsopano za kusowa kwa zazing'ono. Anyamata a mushopuwo sakukubisirani, zatsopano za 80GB anasiya kupanga. Makampani opanga ma hard drive atsala atatu okha, Seagate, Western Digital ndi Toshiba. Mayina aja tinkawaona kale anamezedwa, Maxtor inagulidwa ndi Seagate mu 2006, mbali ya Samsung yopanga ma hadi inapitanso ku Seagate mu 2011, ya Hitachi inapita ku Western Digital mu 2012. Ndiye mkati mwa hadi mumakhala timbale tozungulira, ndipo kambale kamodzi kokha masiku ano kamanyamula 1TB kapena kuposa. Chibokosi chachitsulo, mota, kamkono kowerenga, zonsezo mtengo wopangira ndi womwewo kaya alembepo 80GB kaya 1TB, ndiye ndani angapange yaying'ono? Zili ngati kutumiza lole ku Bembeke kukatenga thumba limodzi la mbatata. Za lamba wotambalalazo, zomwe timati IDE, ndiye anasiya kupanga zaka zoposa khumi zapitazo.

Zomwe mungachite, tsegulani kompyutayo muyang'ane pa bolodi. Ma Dell ambiri a nthawi ya Pentium 4 yakumapeto ankabwera ndi zonse ziwiri, polowetsa lamba ndi kapolowetsa ka SATA (ka kachingwe kowonda kaja) kakang'ono kokhala ngati chilembo L, mwina kangokwiririka ndi fumbi. Ngati kalipo mwapulumuka, gulani SSD, chosungira mafayilo cha mtundu watsopano, ya 120 kapena 128GB, imeneyo ndiye "yaying'ono" ya masiku ano, imapezeka, ilibe chozungulira mkati ndiye kuzizira kapena kugwedezeka sikuiopsa, ndipo gogo wanuyo adzayamba kudzuka ngati mnyamata. Ngati kulibe pali kachipangizo kosinthira IDE kupita ku SATA, kochepa ngati bokosi la machesi, funsani kwa okonza makompyuta osati m'mashopu ogulitsa zatsopano.

Chenjezo limodzi: makompyuta akale kwambiri, ndi XP yoyambirira isanaikidwe Service Pack 1, saona kupitirira 137GB. Ndiye olo mutapeza ya 500GB musadabwe ikamaonetsa pang'ono. N'chifukwa chake 120GB ija ikukukwanirani bwino.

Za kufomata ndibwera, kasitomala wandipeza.

NaMaseko_Ntcheu

Bambo a ku Dedza, musagulitse musanamve yanga. Ine ndi mphunzitsi kuno ku Ntcheu. Chaka chatha laputopu yanga inafa hadi ndiye ndinagula ya kaunjika ya 160GB kwa wokonza wina, anandiuza kuti ndi yoyera waifomata yekha, ndipo zoonadi kuitsegula munalibe kanthu. Patapita miyezi iwiri ndinadilita mwangozi folda ya ma scheme a teremu yonse, ndinatsala pang'ono kulira. Mwana wa achemwali anga amene ali ku koleji anabwera ndi kapulogalamu kotchedwa Recuva kuti andibwezeretsere, anakasiya kakusaka usiku wonse. M'mawa ma scheme anga anabwera inde, koma anabwera ndi alendo. Zithunzi za ukwati wa azungu, mwana ali m'bafa, galu, makalata a kubanki okhala ndi dzina ndi adiresi ya mwini wake, mpaka kalata ya kuchipatala yofotokoza matenda a mayi wina. Anthu oti sindidzawaona moyo wanga wonse koma ndinadziwa ngongole yawo ya nyumba.

Tinaseka poyamba koma kenako ndinazizidwa, chifukwa ndinakumbukira kuti hadi yanga yakufayo ndinaisiya komweko kwa wokonzayo, ndipo munali mayeso, mamaki a ana ndi zina zanga zomwe sindingatchule pano. Ndinabwerera kukaifunsa akuti aaa mayi imene ija tinataya kale. Kutaya kuti, sindikudziwa mpaka lero. Ndiye azungu aja ali kutali, sindingawachite kanthu. Inu amene mukufuna kumugulitsayo ali pamsika pomwepo, mayi wa kalata ya kukhotiyo mwina amagula naye ma units.

Fundi_wa_Makompyuta

Ndabwera. Amayi a ku Ntcheu andifupikitsira ntchito, zomwe anenazo ndi momwe zimakhalira.

Ganizirani kaundula wa kusukulu kapena buku lalikulu lokhala ndi tsamba la zam'katimu kutsogolo. Mukadilita fayilo, kompyuta imangofufuta dzina lake pa tsamba lakutsogololo n'kulemba kuti malo awa ndi aulere, koma zolembedwazo zili pomwepo mpaka tsiku lomwe china chidzalembedwe pamwamba pake. Quick format ndiye kung'amba tsamba lakutsogolo lonselo, buku lonse lili bwinobwino. N'chifukwa imatha m'masekondi ochepa, mukuganiza 80GB ingafufutike nthawi yomwe munthu amayetsemulira? Ndipo inu a XP muli ndi msampha wina: pa XP olo musankhe format yaitali ija, imangoyendera disiki kufufuza malo owonongeka, silemba kanthu pamwamba. Kuyambira pa Windows Vista kupita kutsogolo ndi pomwe format yaitali inayamba kulemba maziro paliponse.

Nkhaniyi si ya kuno kokha. Mu 2003 ophunzira awiri a ku yunivesite ya MIT ku America anafalitsa kafukufuku wawo: anagula ma hadi akale 158, pa eBay ndi m'mashopu a kaunjika, ofufutidwa bwino anali 12 okha, ndipo mwa enawo anapezamo manambala a makadi a kubanki oposa 5,000.

Mankhwala ake ndi kulemba pamwamba pa disiki yonse, kuyambira poyamba mpaka pothera. Kwa kompyuta ngati yanuyo chabwino ndi pulogalamu yofufutira yotchedwa DBAN, ndi yaulere, mumaiwotcha pa CD n'kuyatsira kompyuta pa CD imeneyo. Ndi yakale, yomaliza inatuluka 2015, pa makompyuta atsopano nthawi zambiri imakana kuyaka ndiye kumeneko timagwiritsa ShredOS, koma kwa gogo wanuyo ndi saizi yake. Chonde chonde, musanayambe zulani fulashi ndi hadi ina iliyonse yomwe simukufuna ifufutike. DBAN ikayaka, mukalemba lamulo loti autonuke imadya chilichonse chomwe chalumikizidwa, siifunsa kawiri. Ine ndinadyetsapo hadi ya kasitomala ndili wophunzira, abwana anga sanandilankhule sabata yathunthu.

Njira ina ngati alamu anu angakubwerekeni laputopu: mulumikize hadiyo ndi kachingwe ka USB kolowa ma hadi akale, mutsegule cmd, kawindo kakuda kolembamo malamulo kaja, ngati administrator, mulembe diskpart, kenako list disk, muone nambala ya hadi yanuyo poyang'ana kukula kwake, select disk ndi nambalayo, kenako clean all. Mawu oti all musawaiwale, clean payokha ndi chimodzimodzi kung'amba tsamba lakutsogolo kuja. Ndipo nambala muiwerenge katatu, mukaphonya mufufuta laputopu ya alamu ndiye ya kubanja imeneyo ine sindilowerera.

Ikamaliza musangokhulupirira. Iformateni mwachizolowezi, muike Recuva kapena PhotoRec isake mozama. Ikabwera chimanjamanja ndiye mwatha, gulitsani mtima uli m'malo.

Jay_Poly

Bigi mwafotokoza bwino koma kamodzi sikokwanira. Ife anatiphunzitsa kuti pamafunika njira ya Gutmann, kulemba pamwamba maulendo 35, apo ayi ya asilikali a ku America ija ya DoD, chifukwa maginito amasiya kachithunzi ka zomwe zinalipo kale ndipo akatswiri amatha kuwerenga ndi makina. Mu DBAN momwemo zilimo, angosankha.

Fundi_wa_Makompyuta

Mphwanga, zilimo inde koma tawerengera nthawi. Hadi ya 80GB ya nthawi imeneyo ulendo umodzi imatenga mphindi 30 kapena 40 ikakhala yamoyo bwino. Uchulukitse ka 35, wadutsa maola 17, mwinanso tsiku lathunthu. Ndi magetsi athu omwe amathima osatsanzikawa, akapita pa ulendo wa 20 uyambirenso? Ndipo bamboyu kompyuta ndi imodzi yomweyo yodyera.

Peter Gutmann analemba zimenezo mu 1996, ndipo maulendo 35 aja anawakonza kuti akwanire mitundu yosiyanasiyana ya ma disiki a nthawi imeneyo ndi akale kuposa apo, omwe ankalemba motalikirana. Mwini wakeyo anadzanenanso pambuyo pake kuti anthu akungochita 35 ngati mwambo osamvetsa, pa ma disiki atsopano n'zosafunika. Bungwe la NIST la boma la America, m'malangizo ake otchedwa 800-88, linanena kuti kulemba pamwamba kamodzi n'kokwanira pa ma hadi a timbale a masiku ano. Ngati mtima sukukhazikika panga katatu, autonuke imapanga katatu kale. Koma tinene zoona, amene tikumuopa apa ndi mnyamata wa kumsika ali ndi Recuva, osati anthu a ma labu ovala zoyera.

Jay_Poly

Chabwino ndamva, koma pa SSD mwawauza agule ija ndiye DBAN siigwira, muwauzenso zimenezo asadzanamizike kutsogolo.

Fundi_wa_Makompyuta

Apo wanena zoona. SSD, fulashi ndi memory card zimasinthasintha malo olemba mwa zokha kuti mbali imodzi isathe msanga, ndipo zimakhala ndi malo ena obisika omwe Windows siwaona, ndiye ukamalemba pamwamba sudziwa ngati wakhudza paliponse. Pa SSD pamafunika lamulo lake lotchedwa Secure Erase, limapezeka mu pulogalamu ya kampani yomwe inapanga, monga Samsung Magician kwa za Samsung, kapena mu BIOS ya makompyuta ena atsopano. Limatha mwachangu. Koma izo n'za mtsogolo, panopa tithane ndi awiri ali mukatoniwa ndi yolirayo.

Gogo_Chimbiya

Ana inu mwalankhula zachizungu zambiri, koma palibe wafunsa funso loyamba: ma hadi awiri ali mukatoniwo akuzungulira? Chifukwa munthu sachotsa hadi yamoyo n'kuiika pansi pa kauntala. Ngati anafa, DBAN wanuyo alemba pa chiyani? Ndipo kufa kwa hadi nthawi zambiri ndi kabolodi kobiriwira kapansi kapena mota, timbale tili bwinobwino ndi zonse zili momwemo, wodziwa akhoza kuidzutsa. Yolirayo nayonso ikhoza kukomoka ntchito ili pakati.

Ine ndinagwirapo ntchito mu ofesi ina zaka zambiri ndisanapume, yakufa sitinkaigulitsa. Mnyamata wa kabaza uja mwamuseka koma pa hamala sanalakwe, kungoti pali kamenyedwe kake. Kumenya chibokosi chakunja n'kungochipinda sikuthandiza, chitsulo chija n'cholimba. Mumasule timasikuluu, timafuna sikuludiraiva ya nyenyezi, okonza mafoni ali nazo, ndipo kamodzi kamabisala pansi pa pepala lomata lija. Mukatsegula muona timbale tonyezimira ngati galasi loyang'anira nkhope. Ta ma hadi akuluakulu a desktop kawirikawiri ndi ta aluminiyamu, timapindika, ndiye tikwecheni pa simenti mbali zonse ziwiri kenako mutipinde ndi hamala. Ta ma laputopu tambiri ndi tagalasi, timaphulika tizidutswa touluka, kulungani m'chiguduli musanamenye ndipo ana akhale kutali, maso sagulidwa. Ngati mulibe sikuludiraiva pitani kwa owotcherera akubowolereni mabowo atatu kapena anayi kudutsa pomwe pali timbale, inu muli pomwepo, osati kusiya kuti mudzatenga mawa.

Za kuyendetsa maginito a sipika pamwamba zija ndi bodza, sizifufuta kanthu. Mkati mwa hadi momwemo muli kale maginito amphamvu kuposa a sipika, muwachotse musunge, anga ndimapachikira makiyi pachitseko cha firiji. Pambaula musaike, utsi wake ndi woipa. Za chimbudzi ndasiya, madzi a pachitsime timwa tonse.

NaMaseko_Ntcheu

Agogo mwatokota kkkk. Ndingowonjezera kuti pano kuli lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2024, ndipo oyang'anira ndi a MACRA. Tinauzidwa pa msonkhano wina wa aphunzitsi. Sindikuti abwera kudzakugwirani pa kashopu, koma munthu amene chiphaso chake chatuluka kudzera kwa inu ali ndi poyambira. Ndipo ndi mmene akuba a pafoni achulukiramu, oimba kuti mwawina kapena ndatumiza ndalama molakwika aja, scan ya chiphaso yokhala ndi dzina, nambala ndi tsiku lobadwa ndi ndiwo kwa iwo.

Komanso bambo, bwanji mumasunga zonsezo? Munthu akataipitsa kalata ya kukhoti n'kunyamula pepala lake, ya mukompyutayo ikudikira chiyani?

Wotaipa_DZ

Mayi funso lanulo landilasa. Chilungamo chake ndimasunga chifukwa anthu amabweranso, wina patatha zaka ziwiri akuti ndisinthireni deti pa CV ija, ndiye ukaipeza amasangalala ndipo sutaipanso. Ma CV ndipitiriza koma ndiziwafunsa eni ake. Ma scan a ziphaso ndi za kukhoti zija palibe chifukwa, ndi ulesi chabe.

Ndikuuzeni momwe zayendera. Usiku womwe uja ndinakopera zonse pa fulashi, zinakwana 22GB, mafayilo anayi okha anakana. Dzulo ndatsegula kompyuta, fumbi lake munthu ukhoza kudzala mbatata, ndapukuta ndi burashi ya penti ndipo kapolowetsa ka L kaja kalipodi, tiwiri, pafupi ndi batire yozungulira ija. A Fundi Mulungu akudalitseni. Ndatuma mwana wa achimwene amene amagwira ntchito ku Lilongwe kuti andipezere SSD ya 120 ndi kachingwe kake, akuti pafunikanso kachingwe kena kosinthira magetsi chifukwa pulagi ya mkatimo ndi yoyera ya mabowo anayi ija, abwera nazo Lachisanu.

Agogo a ku Chimbiya munalondola. Mwa awiri a mukatoni, imodzi ya Maxtor 40GB siikuzungulira n'komwe, ndaitsegula ndi sikuludiraiva yobwereka kwa mnyamata yemwe amafuna kuigulayo, anaima pompo akuona ndikukwecha kambale pakhonde akungoti madala mukuwononga ndalama. Maginito ndamupatsa, wasangalala nawo. Inayo ndi Seagate 80GB, ndaiika ndipo yayaka bwinobwino, ndakumbuka kuti ndinaichotsa chifukwa ya ma virus osati kufa ayi. Ndiye ndinapita ku Lilongwe kukasaka chinthu chomwe chinali pansi pa kauntala yanga, ndalama ya minibasi inangopita.

Imeneyo ndiye sindigulitsanso, ndiifufuta ndi DBAN ikhale yapadera SSD ikadzavuta. Koma ndayesa kawiri, koyamba magetsi anathima ili pa 61%, kachiwiri CD inakana kuwerenga. A Fundi, ikaduka pakati choncho ndiyambirenso poyamba kapena imapitiriza pomwe inalekera? Ndipo DBAN yomweyo ingayake pa fulashi, poti ma CD opanda kanthu pa boma pano ndazungulira sindinawapeze?

Fundi_wa_Makompyuta

Imayambira poyamba, siikumbuka. Musalembe autonuke ulendo uno, dinani Enter, ikatsegula dinani M musankhe Quick Erase, ndi ulendo umodzi wa maziro, musankhe hadiyo ndi Space kenako F10. Pasanathe ola yatha. Pa fulashi imatheka, muiike ndi pulogalamu yotchedwa Rufus pa laputopu ya alamu, koma fulashi ina osati ya mafayilo anu 22GB ija chifukwa Rufus imayamba yafufuta zonse, ndipo pa mndandanda wa DBAN fulashiyo idzaonekanso ndiye muonetsetse mwasankha yolembedwa Seagate. Poyatsa dinani F12 pa Dell muone ngati USB ikutuluka pa mndandanda. Ikapanda kutuluka mundiuze, ndili ndi ma CD angapo otsala, ndingapatsire mwana wa achimwene anuyo Lachisanu abwere nayo pamodzi ndi SSD.